Ana akuti chikuto cha buku langa chikuoneka ngati cha buku la m'kalasi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wa Chinyanja pa sukulu ina ya sekondale ku Chadiza. Akuti: "Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba nkhani yaitali ya achinyamata. Ndi ya mtsikana wa zaka 16 amene achoka kumudzi kukakhala kwa azakhali ake ku Kapata mu Chipata, ali ndi chiyembekezo choti amulipirira sukulu, koma atafika akupeza kuti akumufuna kuti azigulitsa vitumbuwa. Mwana wa mlongo wanga wandipangira chikuto pa foni. Waikapo sukulu, mbendera, basi, azakhali, dzuwa likulowa, ndi mtsikana wa yunifomu amene chithunzi chake anachitenga pa intaneti. Nditaonetsa ana a m'kalasi mwanga, mmodzi anafunsa kuti, 'Madamu, ndi buku la Civic Education kodi?' Mtima unandiwawa. Kodi zikuto za mabuku a achinyamata zimapangidwa bwanji, ndipo ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Mwana amene anafunsa funso lija wakuthandizani kwambiri, chifukwa walankhula buku lisanapite ku makina osindikizira. Ine ndaonapo olemba akumva mawu ngati omwewo makatoni a mabuku ali kale m'nyumba, ndalama zitapita. Mwana wa mlongo wanunso musamudzudzule. Wachita zimene pafupifupi aliyense amachita akamapanga chikuto koyamba, kufuna kuti nkhani yonse ikwane patsamba limodzi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito yokonza masamba ndi zikuto, ku Lusaka ndi kuno ku Chipata, vuto limeneli ndi limene ndakumana nalo kawirikawiri kuposa lina lililonse.

Tiyambe ndi chimene mwana uja anaona. Ana athu akhala ndi mabuku a m'kalasi kuyambira Giredi 1, ndipo maso awo anazolowera maonekedwe ake: zithunzi zingapo zing'onozing'ono patsamba limodzi, nyumba ya sukulu, mbendera, mwana wa yunifomu akumwetulira, mutu wolembedwa m'zilembo zowongoka. Akaona zimenezi mtima umawauza kuti m'katimo muli mayeso. Ndiye ngakhale nkhani yanu ikhale yokoma bwanji, chikuto chanena kale zina musanatsegule pakamwa. Ntchito ya chikuto si kulongosola nkhani. Ntchito yake ndi kuitana munthu mmodzi, ali patali ndithu, n'kumulonjeza kuti akatsegula adzamva chakutichakuti m'mtima: mantha, chisoni, chikondi, mkwiyo, kuseka. Lonjezo limodzi basi, ndipo likhale loona. Ngati chikuto chalonjeza nkhani ya chibwenzi pomwe m'kati muli nkhani ya mwana womanidwa sukulu, wowerenga amaona kuti mwamunamiza, ndiye chija amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wachinyamata mukamunamiza kamodzi, buku lanu lachiwiri sadzaligwira.

Tsono wowerenga wa zaka 14 mpaka 18 ali ndi khalidwe lake limene tiyenera kulilemekeza. Iye sawerengera kuchipinda kokha. Bukulo amalinyamula m'manja popita ku sukulu, limaonekera m'chikwama, amalitulutsa ku dometore anzake akuona. Choncho asanafunse ngati nkhaniyo ndi yabwino, amayamba wadzifunsa ngati anzake samuseka akamuona nalo. Chilichonse chooneka chachibwana amachithawa. N'chifukwa chake munthu wa pachikuto timamujambula wooneka wamkulu pang'ono kuposa owerenga, osati wamng'ono. Mwana wa zaka 13 amakonda kuwerenga za wa zaka 16, koma wa zaka 16 sangafune kuonedwa ndi buku lokhala ndi kamwana pachikuto. Palinso nkhani ya anyamata. Mukadzaza chikuto ndi maluwa ndi timitima, anyamata a pa sukulu ya Chizongwe salikhudza, chonsecho nkhani ya mwana wotumidwa kukagulitsa malonda anzake ali m'kalasi ndi yawonso, ambiri a iwo anaionera m'nyumba mwawo.

Komanso kuno kwathu amene amatulutsa ndalama nthawi zambiri si mwanayo. Ndi kholo, mphunzitsi wamkulu, kapena woyang'anira laibulale. Chikuto chimadutsa pa zipata ziwiri: chisachititse manyazi mwana, chisaopsezenso wamkulu. Pamenepa ndi pamene luso lenileni limaonekera, ndipo ndikuuzeni maganizo anga mosabisa. Olemba ambiri amaopa kwambiri chipata cha akuluakulu, n'kupanga chikuto chaulemu kwambiri moti mwana sachiyang'ana n'komwe. Wamkulu amangofuna kutsimikiza kuti palibe zolaula kapena zonyoza. Zikapanda kukhalapo, china chilichonse chitumikire mwanayo.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira timabuku ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Tinkadutsa m'manja ambiri mpaka kuthothoka masamba. Mabuku a African Writers Series a Heinemann, amene anayamba mu 1962, tinkawalemekeza ndipo ambiri tinawawerenga chifukwa cha sukulu, koma amene tinkabisa pansi pa desiki anali a Pacesetters. Zikuto zake zinkaonetsa anthu akuda ngati ife, ovala zamakono, ali pakati pa chinthu chimene chikuchitika, ndipo munthu unkafuna kudziwa chotsatira. Sindikunena kuti mukopere maonekedwe a nthawi imeneyo, anatha ntchito. Ndikunena za nzeru yake: ankadziwa amene akumuitana.

Nayi njira imene chikuto chimadutsamo ku makampani osindikiza, imene inunso mungaitsate muli ku Chadiza komweko. Poyamba mkonzi amalemba kapepala kouza wojambula zimene zikufunika. Kwa inu kapepalako mulemba nokha, tsamba limodzi lokha: nkhani mwachidule m'mizere isanu, owerenga ndi ndani ndipo ali ndi zaka zingati, mtima wa nkhaniyo m'mawu atatu, maonekedwe a mtsikanayo kuyambira khungu, tsitsi mpaka nsapato, kukula kwa buku, ndi zinthu zimene simukufuna kuziona. Onjezerani mitu iwiri kapena itatu ya m'bukumo kuti wojambula awerenge. Wojambula amene akukana kuwerenga ngakhale mutu umodzi, muyang'ane wina. Zikuto zabwino zimachokera ku kanthu kakang'ono kamene wolemba anakalemba osakaganizira kwambiri, wojambula n'kukatola powerenga.

Kenako wojambula amabweretsa zoyeserera, zitatu kapena zinayi, za pensulo chabe, zing'onozing'ono ngati bokosi la machesi kapena kukulirapo pang'ono. Zikhale maganizo osiyanadi, osati chithunzi chimodzi chosinthidwa mitundu. Apa ndi pamene kusintha n'kotsika mtengo, ndiye kanganani pano mpaka mutakhutira. Mukasankha chimodzi, ndi pamene amachijambula mokwanira, kuika mitundu, kenako zilembo. Mukadzasintha maganizo utoto utapakidwa kale, mukhala mukulipira ntchito kawiri, kapena mukumudyera masuku pamutu mnzanuyo.

Funso limene limatenga nthawi yaitali ndi lakuti pachikuto paoneke nkhope kapena ayi. Nkhope imakoka maso kuposa china chilichonse, ndipo mtsikana wa ku Sinda kapena ku Vubwi akaona nkhope yofanana ndi yake pa buku, chimachitika m'mtima mwake n'chachikulu. Nkhani imeneyi si yaing'ono. Mu 2009 ku America kampani ya Bloomsbury inakonza chikuto cha buku lina la achinyamata chokhala ndi mtsikana wachizungu, pomwe mtsikana wa m'nkhaniyo ndi wakuda. Wolemba ndi owerenga atadandaula, chikutocho chinasinthidwa. Kwathu kuno zofanana nazo zimalowa mwakachetechete: munthu akafufuza chithunzi pa intaneti amapeza atsikana oyera khungu, a tsitsi lalitali losalala, a mano ngati a pa malonda a mankhwala otsukira mano, n'kuika ameneyo m'malo mwa mwana wa kumudzi wometa tsitsi. Uthenga umene ukupita kwa owerenga anu ndi woti maonekedwe awo sakwanira kukhala pa buku. Chonde musalole zimenezo. Koma nkhope ilinso ndi vuto lake, imalanda wowerenga mwayi wodzipangira yekha munthuyo m'maganizo. N'chifukwa chake ojambula ambiri amaonetsa munthu chakumbuyo, cham'mbali, kapena manja okha, kapena chinthu chimodzi cha m'nkhani chimene chanyamula tanthauzo lonse.

Chithunzi chimene mwana wa mlongo wanu anatenga pa intaneti chichotsedwe, pamenepa palibe zokambirana. Chili ndi mwini wake amene anachijambula, ndipo lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limateteza ntchito zotere monga momwe likutetezera nkhani yanu. Kuwonjezera apo mtsikanayo ndi mwana wa munthu. Ganizirani mwana wanu atapezeka pachikuto cha buku lonena za kuzunzidwa kwa azakhali, anthu a ku tchalitchi n'kumafunsa ngati ndi zoona. Ngati mukufuna chithunzi cha kamera, pezani wojambula, pezani mtsikana, ndipo ngati sanakwane zaka 18 makolo ake asaine chilolezo atauzidwa bwinobwino zimene nkhaniyo ikunena. Musagwiritse ntchito mwana wa m'kalasi mwanu, chifukwa mwana sangakanire mphunzitsi wake momasuka. Kwa nkhani ngati yanuyi ine ndingasankhe chojambula pamanja. Zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta amene amajambula okha ukawauza, zafala, ndipo ndikumvetsa kuti zimakopa pamene thumba lili lopepuka, koma nthawi zambiri zimatulutsa misika, nyumba ndi zovala zimene si zathu, ndipo ana a masiku ano amazizindikira msanga kuposa ife.

Dzuwa lolowa lija nalonso lipite. Mabuku ambiri onena za Africa osindikizidwa kunja anadzaza ndi dzuwa lofiira ndi mtengo umodzi uli pachigwa, kaya nkhaniyo ikuchitikira m'tauni. Inu muli ndi zanuzanu: mapiri ozungulira Chipata, njinga zodzaza msewu m'mawa, phokoso la msika wa Kapata, beseni lophimbidwa ndi pulasitiki. Chenjezo limodzi pa zachikhalidwe: ena amathamangira kuika Gule Wamkulu pachikuto kuti buku lioneke la Chichewa. Ngati gule sali m'nkhani, musamuike ngati chokometsera, ndipo ngati alimo, yambani mwakambirana ndi akuluakulu odziwa mwambo.

Tibwere ku zilembo, zimene anthu amaziona ngati zomalizira chabe pomwe ndi theka la chikuto. Mitundu ya zilembo isapitirire iwiri. Mutu wa buku ukhale waukulu, dzina lanu licheperepo, chifukwa ili ndi buku lanu loyamba ndipo chimene chigulitse ndi mutu. Pewani zilembo zopindikapindika za pa makadi a ukwati, ndiponso mithunzi ndi kunyezimira kumene mapulogalamu a pa foni amapereka. Mutu wolembedwa pamanja ndi mmisiri umakhala ndi moyo, ndipo kuno tili ndi anthu olemba zikwangwani za masitolo amene dzanja lawo ndi lokoma kwambiri. Pali zinthu ziwiri za chinenero chathu zimene wokonza wa ku Lusaka angaphonye. Choyamba, mitundu yambiri ya zilembo za pa kompyuta, imene amati mafonti, ilibe chilembo cha ŵ, ndiye ngati chili m'mutu mwanu kapena m'dzina lanu, kompyuta imaika kabokosi kapena kubwereka chilembo cha mtundu wina chooneka chachilendo pakati pa zinzake. Chachiwiri mukuchidziwa kuposa ine: m'masukulu a ku Zambia timalemba Cinyanja ndi c, pomwe ku Malawi amalemba ch. Sankhani kalembedwe kamodzi molingana ndi kumene mukufuna kugulitsa, ndipo chikuto chigwirizane ndi m'kati. Muwerenge nokha chilembo chilichonse, musadalire wokonza.

Kumbuyo kwa buku lembani mawu osapitirira 120. Tchulani mtsikanayo, chimene akufuna, chimene chamutsekereza, ndipo lekerani pomwepo. Musaulule mathero, musalembenso kuti bukuli liphunzitsa achinyamata makhalidwe abwino, chifukwa chiganizo chimenecho chimabweza mwana pakhomo. Pansi siyani malo oyera a barcode, timizere timene makina a m'sitolo amawerenga, ndi ISBN, nambala yozindikiritsa buku, imene kuyambira 2007 ili ndi manambala 13. Za ku Zambia mudzaziona zikuyamba ndi 978 kenako 9982. Popanda nambalayi masitolo akuluakulu a mabuku ndi malaibulale amavutika kulandira buku.

Tsopano za ku makina, kumene misozi yambiri imagwera. Chikuto chimatumizidwa ngati tsamba limodzi lotambasula: kumbuyo, msana, kutsogolo. Tinene kuti buku lanu ndi la A5, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, la masamba 160 pa pepala wamba la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala). Masamba 160 ndi mapepala 80, ndipo pepala lililonse ndi lochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndiye msana ukhala pafupifupi mamilimita 8. Mbali zonse mumawonjezera mamilimita 3 amene osindikiza amawatcha bleed, kuti mpeni ukamadula pasatsale mzere woyera. Zonse pamodzi zikupereka pafupifupi mamilimita 310 m'mbali ndi 216 m'mwamba. Koma nambala ya msana ifunseni kwa osindikiza eniake masamba a m'kati atatha kukonzedwa, chifukwa mapepala amasiyana. Ndinaonapo buku limene wolemba anawonjezera mitu iwiri chikuto chitatha kale, osauza aliyense, ndipo mutu wa pamsana unakhotera kutsogolo m'makope onse.

Chithunzi chikhale cha 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kwake kwenikweni, kutanthauza timadontho, kapena kuti mapikiselo, pafupifupi 1750 ndi 2480 kutsogolo kokha. Chimene chikuoneka chakuthwa pa foni chingatuluke chosamveka papepala. Mukamatumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya n'kuchiwononga. Dziwaninso kuti foni imapanga mitundu ndi kuwala, njira ya RGB, pomwe makina amasakaniza inki zinayi, njira ya CMYK. Buluu wowala ndi wobiriwira wonyezimira amafooka akafika papepala. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi khungu lakuda. Wokonza wosasamala akalidzaza inki, nkhope yonse imasanduka chigamba chakuda, maso ndi milomo osaoneka. Izi zinandichitikira pa ntchito ina ndi osindikiza ena, ndipo kuyambira pamenepo sindilola kuti makina ayambe ndisanagwire kope limodzi loyeserera m'manja mwanga n'kutuluka nalo panja padzuwa. Inunso limbikirani pamenepo, ngakhale zitatanthauza kudikira kuti basi ya ku Lusaka ilibweretse. Pepala la chikuto likhale la 250 kapena 300 gsm, lokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala. Kosanyezimira kamaoneka kaulemu koma kamasunga zidindo za zala ndi mikwingwirima pa mitundu yakuda. Buku limene lizidutsa m'manja mwa ana makumi atatu, m'fumbi la Okutobala ndi chinyezi cha Januwale, konyezimira kamaliteteza bwino.

Musanavomereze chomaliza, chiyeseni. Chichepetseni pa foni mpaka chikhale ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chifukwa ambiri adzayamba kuchiona chotero pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mutu ukuwerengeka? Chisindikizeni, chikulungeni pa buku lina, chiikeni pa shelefu pakati pa mabuku ena, mubwerere masitepe asanu. Kenako pitani nacho kwa ana, koma osati a m'kalasi mwanu okha, amakukondani ndipo ena amakuopani. Pemphani mnzanu wa pa sukulu ina aonetse zoyeserera zitatu osanena kuti wolemba ndani. Asafunse kuti chokongola n'chiti. Afunse kuti, "Mukuganiza kuti nkhaniyi ndi ya chiyani?" ndi "Ndi liti limene mungabwereke lero?" Mayankho akasiyana ndi nkhani yanu, chikutocho sichinafike.

Za ndalama, mitengo imasiyana kwambiri malinga ndi munthu ndi ntchito yake, ndiye funsani anthu atatu ndipo aliyense akuonetseni buku limene linasindikizidwadi, osati zithunzi za pa foni zokha. Nthawi zina pamafunika anthu awiri, wojambula chithunzi ndi wokonza pa kompyuta wodziwa pulogalamu ya InDesign kapena ya CorelDRAW. Aphunzitsi a zojambulajambula m'masukulu athu ndi poyambira pabwino. Mgwirizano ulembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope: mtengo, tsiku lomaliza, kusintha kangati, ngati mungagwiritse ntchito chithunzicho pa mapositala ndi posindikizanso, kuti mudzalandira mafayilo onse, ndi kuti dzina la wojambula lidzalembedwa m'buku. Mwana wa mlongo wanu musamutaye, akhoza kukonza zolengeza za pa Facebook ndipo aphunzira zambiri akamaona mmisiri akugwira ntchito.

Pali malo atatu pamene ndikukulangizani kuti musayende nokha. Ngati mukufuna kuti bukuli livomerezedwe m'masukulu, lankhulani ndi a Curriculum Development Centre ku Lusaka, ofesi ya boma yoona za mabuku ndi zophunzitsidwa m'masukulu, musanasindikize makope ambiri, chifukwa akadzapempha kusintha mudzakhala mutataya ndalama. Ngati kampani yosindikiza yalitenga, werengani bwino mgwirizano kapena muonetse wodziwa malamulo, popeza nthawi zambiri mawu omaliza pa chikuto amakhala a kampani, ndipo ndi bwino kupempha kuti alembemo zoti adzakufunsani maganizo. Ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza nkhanza kapena kukwatiwitsa ana, funsani mlangizi wa ana aone chikuto ndi mawu a kumbuyo, ndipo ganizirani zoika nambala ya foni yothandizira ana ya Childline, 116, patsamba lomaliza. Wina mwa owerenga anu adzakhala ali m'nyumba ngati ya azakhali aja.

Mukanandipatsa ntchitoyi, choyeserera changa choyamba chikanakhala ichi: mtsikana akuoneka chakumbuyo, wasenza beseni la vitumbuwa, wamanga chitenje koma kumapazi wavala nsapato zakuda za sukulu ndi masokosi oyera. Kutsogolo kwake, chapatali, timagulu ta ana a yunifomu tikulowera mbali ina. Mitundu itatu yokha, mutu wolembedwa pamanja pamwamba pa beseni. Sindinawerenge buku lanu, ndiye mwina m'katimo muli kanthu kena koposa nsapatozo. Kafufuzeni usiku uno, mulembe kapepala kaja, ndipo zoyeserera zikabwera munditumizire pamodzi ndi zimene ana a pa sukulu inayo ayankha.